Mitondo Isanu ya ku Chizumbi

Pakhomo pa a Yahaya panalibe mtondo. Mpunga ankalima wambiri, wa faya wonunkhira uja, koma wodya ankapita nawo kuchigayo ku Liwaladzi, ndipo magetsi akazima ankakasinjira kwa anansi. Tatu, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakula akuyesa kuti ndi matama chabe, poti a Yahaya anali a magazi a Mwinyi Sufiyani, amene kalekale analamulira doko la Chizumbi popanda womuyankha. Tsiku lina ali wamng'ono anafunsa chifukwa chake. Yankho linali mbama, ndipo sanafunsenso.

Tsopano Tatu anali mayi wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Ukwati utamukanika ku Dwangwa anabwerera kwa bambo ake, ndipo awiriwo ankakhala bwino ndithu. Mayi ake, a Leah, anali atamwalira kale. Tatu ankawaphikira bambo akewo tiyi wa tangawizi, iwo n'kumamukonzera njinga yake ngakhale isanawonongeke. Ankawakonda kwambiri, ndipo ankaopa tsiku limene pakhomopo padzakhale popanda chifuwa chawo cha m'mawa.

Mavuto anabwera ndi simenti. Bungwe lina loona za chikhalidwe linapereka matumba khumi kuti pabwinja pamene panali linga la Sufiyani pamangidwe chipilala, ndipo pachipilalapo palembedwe mawu ochepa ofotokoza chifukwa chimene anthu anamuukira n'kugwetsa ufumu wake. Mawu ochepa! Komiti inakangana miyezi isanu ndi iwiri, mpaka matumba awiri anauma okha m'sitolo podikira.

A Yahaya ndi abale awo ankati Sufiyani anali munthu wachitukuko. Mpunga umene mukudyawu, mango, ngole, mzikiti woyamba, zonse anabwera nazo ndi iye. Anagwa chifukwa cha kaduka, azungu atagula munthu wina wam'kati amene anatsegula chipata. Ukawafunsa dzina la munthuyo ankayang'ana kunyanja.

A Lazaro, mlongo wa malemu a Leah, ankati bodza limenelo nlofunika kulisambira m'manja. Sufiyani anali chilombo chogulitsa anthu, ndipo amuna a m'midzi, motsogozedwa ndi kholo lawo Gwaza, anadula linga ndi nkhwangwa dzuwa lili paliwombo n'kulowa. Ukawafunsa kuti nanga alonda a mfuti aja sanamve bwanji nkhwangwa zikulira pamitengo, ankati Gwaza anali ndi mankhwala ogonthetsa makutu, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Panalinso kabuku kena kolembedwa ndi mkulu wina wa kuyunivesite, amene anakhala ku Chizumbi masiku atatu n'kudwala malungo. Iye anati ufumuwo unagwa chifukwa malonda a minyanga anali atalowa pansi, moti Sufiyani analibenso onga wa mfuti wolipira asilikali ake. M'kabukumo munalibe wankhanza, munalibe wolimba mtima, munali minyanga yokhayokha.

Komiti itatopa inachita zimene makomiti amachita: inasenzetsa mtolo munthu amene sanabwere kumsonkhano. Anati Tatu ndi mphunzitsi, ndiponso ndi mwana wa mbali zonse ziwiri, choncho alembe iyeyo ndi dzanja lake pa simenti yaiwisi Lachinayi, alendo asanabwere Loweruka.

A Lazaro anamupeza panjira ya kusukulu. "Mphwanga, mzimu wa mayi ako ukuona. Dzina la Gwaza likhale pamwamba, zilembo zazikulu."

A Yahaya sanakweze mawu. Anadikira kuti amalize kuwathirira tiyi, kenako anati, "Tatu, iwe ndi diso langa. Koma ukakalemba zonyoza magazi anga pamene aliyense wodutsa aziwerenga, pakhomo pano usadzapondenso."

"Baba, mukunena zoona?"

"Unandimvapo ndikunena kawiri?"

Tatu anachita mantha. Anadziwa kuti amalume ake akhoza kukwiya mwezi umodzi n'kubwera okha kudzapempha fodya, koma bambo ake mawu awo anali ngati msomali. Tsono anasankha njira ya amantha ophunzira. Anakopera papepala mawu a m'kabuku aja, a minyanga ndi onga, amene sakanapweteka munthu aliyense chifukwa munalibe munthu aliyense. Anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama, mtima uli m'malo.

Lachitatu ataweruka msanga anadzera pabwinja kuti aone ntchito. Malowo anali kachitunda ka udzu ndi mitengo ya mango yokalamba, pafupi ndi dambo. Anapeza Tedson, mmisiri womanga, ataima m'dzenje limene ankakumba pambali pa chipilala kuti aikepo masitepe. Khasu anali atalitaya pansi.

"Aphunzitsi, tabwerani mudzaone nokha. Ine ndekha sindifuna."

M'dothi lakuda lonyowa munali mitondo isanu, yoikidwa chozondoka, mzere umodzi. Inali ya mtengo wa muwanga, yakuda bii, yolimba ngati yasemedwa chaka chatha. Tedson anatembenuza umodzi. Pansi pake panali poboola. Anatembenuza wachiwiri, chimodzimodzi, mpaka yonse isanu.

"Chiswe chimenechi," anatero Tatu.

"Chiswe sichiboola mozungulira bwino chonchi. Mayi anga sankasema mitondo, koma ankasinja, ndipo ndikudziwa. Mtondo subooka muli mpunga. Uwu anasinja mulibe kanthu, nthawi yaitali, ndi mphamvu zonse." Anapukuta manja pabuluku. "Ndipo mukudziwa zimene amanena akuluakulu. Wosinja mtondo wopanda kanthu akuitana maliro pakhomo."

Dzuwa linali paliwombo. Tatu anazindikira kuti nyenje zimene zinkalira m'mitengo ya mango zasiya. Mphepo inalibe, ngakhale tsamba losagwedezeka. Kenako anamva. Gu, gu, gu. Misi ingapo ikulandizana, monga amachitira amayi odziwa ntchito, wina akutsitsa wina akukweza. Phokosolo silinkachokera kumudzi. Ankalimva m'mapazi lisanafike m'makutu.

"Mukumva, a Tedson?"

"Ndi injini ya boti," anatero Tedson, akutuluka m'dzenje mofulumira. Panyanja panalibe boti ngakhale limodzi. Anatola njinga yake n'kunena kuti wakumbukira kuti mchenga waperewera, ngakhale mulu wa mchenga unali pomwepo.

Tatu anakankha njinga yake kulowera kumsewu. Atafika pa tala anadzipeza akung'ung'udza kanyimbo, kofanana ndendende ndi kugunda kuja. Kanali kanyimbo ka mayi ake. Poti pakhomo panalibe mtondo, a Leah ankakaimba pochapa, akumenyetsa zovala pamwala:

Nasra sinja, Tione sinja,
Nangondo, Nachisale, Talandira,
mpunga mulibe, sinjanibe,
nkhwangwa zingamveke.

Anali atakaimba kambirimbiri osaganizapo kanthu, monga mwana amaimbira nyimbo za pamasewera. Tsopano anawerenga mayinawo ndi zala, ndipo anakwana asanu. Anakumbukanso kuti munthu wina amene anamumvapo akuimba kanyimboka sanali wa kwa mayi ake. Anali azakhali ake a Ummy, mlongo wa a Yahaya.

A Ummy ankagulitsa mandasi ndi usipa wokazinga pasiteji ya minibasi ku Liwaladzi. Anali mayi wapakamwa pakuthwa, amene makondakitala ankawaopa kuposa apolisi. Tatu anakhala pabenchi pawo n'kuyamba kuimba chapansipansi. A Ummy anamutseka pakamwa ndi dzanja lamafuta.

"Iwe, wapenga? Pali amuna pano."

"Azakhali, nyimboyi munaitenga kuti?"

"Kwa amayi, iwonso kwa apongozi awo. Anati osaimba pali mwamuna wa pabanja pathu, basi. Ndiponso ukuimba molakwika. Za nkhwangwazo sindikuzidziwa. Mathero ake ndi awa." Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona:

Mwana wanga wakwera chombo,
womkweza ndi atate ake,
Nasra siya musi, katsegule.

"Nasra ndi ndani?"

"Mphunzitsi wanji iwe wosadziwa makolo ako? Nasra anali mkazi wamkulu wa Mwinyi. Tonsefe, ine, bambo ako, iweyo, tinachokera m'mimba mwake. Enawo anali akapolo a m'linga. Tione amati anali wa kwa mayi ako." A Ummy anaima pakati pa mawu. Ankayang'ana manja a Tatu. "Wakhala ukutani ndi manjawo?"

Tatu anatambasula zikhato. Munali matuza, anayi uku anayi uku, pamalo penipeni pamene musi umadya munthu wosazolowera. Iye amene moyo wake wonse sanagwirepo chida cholemera kuposa choko.

"Pita," anatero a Ummy, mawu atachepa. "Tenga mandasi awa udzipita. Usandiphetse, ine ndili ndi zidzukulu."

Panjira yobwerera zonse zinalumikizana zokha m'mutu mwake. Alonda sanamve nkhwangwa chifukwa amayi asanu ankasinja mitondo yopanda kanthu pafupi ndi mpanda. Chipata sanatsegule munthu wogulidwa ndi azungu, anatsegula mayi amene mwana wake anakwezedwa chombo ndi bambo wake womubala. Theka la nyimbo linasungidwa kwa a Leah, theka lina kwa a Ummy, ndipo amuna a mbali zonse ziwiri anakangana zaka zoposa zana pa nkhani imene akazi awo ankaiimba kuseri kwa nyumba. Tatu anakwiya, kenako mkwiyowo unasanduka mantha, chifukwa atafika pakhomo anapeza bambo ake atagwada akupopa tayala la njinga yake yakale imene sankaikweranso. Anabisa manja m'chitenje, ndipo anatsimikiza mumtima kuti alemba za minyanga.

Lachinayi anthu anasonkhana pabwinja. A kwa a Yahaya anakhala pansi pa mango wa kumpoto, a kwa a Lazaro pansi pa wa kummwera, pakati n'kusiya mpata woti ngolo ikhoza kudutsa. Mitondo ija Tedson anali ataiunjika kuseri kwa chipilala n'kuiphimba ndi matumba otha simenti. Anapaka simenti kumaso kwa chipilala, anasalaza bwino, n'kumupatsa Tatu msomali wautali.

"Muli ndi theka la ola, aphunzitsi. Ikagwira yagwira."

Tatu anatulutsa pepala lake. Atangokhudzitsa msomali, nyenje zinasiya kulira. Gu, gu, gu. Anthu anayamba kuyang'anana, koma palibe anafuna kukhala woyamba kunena kuti wamva. Mayi wina anakokera mwana wake pamiyendo.

Analemba mzere woyamba, wonena za malonda a minyanga. Asanayambe wachiwiri, zilembo zija zinadzaza madzi n'kutsekeka pang'onopang'ono, simenti n'kukhalanso yosalala ngati sanaikhudze.

"Ndathira madzi ambiri," anatero Tedson, koma anabwerera m'mbuyo mapazi atatu.

Analembanso, akukanikiza mpaka matuza anaphulika. Zilembo zinatsekekanso. Kugunda kuja kunakula, moti madzi a m'ndowa ya Tedson ankanjenjemera. Tatu anacheuka. Bambo ake anali atakhala pampando wawo wopinda, chipewa choyera kumutu, maso ali pa iye. Anaona kuti iwo okha pagulu lonselo sanali odabwa. Nkhope yawo inali ya munthu amene akumva mawu a mlendo amene wakhala akumuyembekezera.

Pamenepo anadziwa kuti bambo ake akudziwa, ndipo ankadziwa ngakhale pa tsiku la mbama ija. Anagwetsa pepala pansi. Misozi ikutsika, analemba:

LINGA ILI LINAGWA PAMENE MWINYI SUFIYANI ANAGULITSA MWANA WAKE WOMUBALA. NASRA, TIONE, NANGONDO, NACHISALE NDI TALANDIRA ANASINJA MITONDO YOPANDA KANTHU KUTI NKHWANGWA ZISAMVEKE. NASRA, MKAZI WAKE, ANATSEGULA CHIPATA.

Zilembo zinakhala. Kugunda kunaleka, ndipo patapita kanthawi nyenje imodzi inayambanso kulira.

Oyamba kufika pachipilala anali a Lazaro. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. "Nanga Gwaza ali pati? Tatiuza, ali pati? Ufumu wonse uja ugwe ndi misi ya akazi?" Anafuna kufufuta ndi chikhato, koma simenti inali itagwira kale, ndipo anangosupuka khungu. Anachoka akutukwana, anthu awo akuwatsatira.

A Yahaya anadzuka pang'onopang'ono, anavala mandala, n'kuwerenga mpaka kumapeto. Sanamuyang'ane Tatu. Anapinda mpando wawo.

"Katundu wako ukampeza panja pa mpanda," anatero, n'kunyamuka.

Anampezadi: masutikesi awiri, mabuku atamangidwa bwino ndi chingwe, ndi njinga yakale ija, matayala ali opopa. Njingayo ndi imene inamuliza kwambiri. Mphunzitsi mnzake anamulandira kunyumba za pasukulu, ndipo Tatu anakhala pamphasa osadya, akudzifunsa ngati amayi asanu amene anafa kalekale anali oyenera kumulanda bambo amoyo.

Mawa lake linali Lachisanu. Chakumasana, Tatu ali m'kalasi, foni yake inalira. Anali a Ummy.

"Bwera msanga. Bambo ako sanapite kumzikiti."

A Yahaya sanaphonyepo mapemphero a Ijumaa, ngakhale chaka chimene anathyoka mwendo. Tatu anasiya ana ali pakati pa funso n'kupalasa njinga. Asanafike n'komwe anayamba kumva, ndipo ulendo uno sikunali kubwinja. Anansi anali ataima patali ndi mpanda wa bango, amayi atagwira pakamwa. A Ummy anali pachipata, nsalu itagwa kumutu.

"Zayamba dzuwa litangofika pamutu," anatero a Ummy. Kenako anakuwira m'kati, osaopa kanthu, "Achimwene, mukuyesa amayi osinjawa akufuna chiyani? Mwatulutsa mwana wanu pakhomo. Mwachita zomwezija anachita Mwinyi!"

Tatu anasuzumira pachipata. Bwalo linali losesedwa bwino, lopanda kanthu. Koma pamalo asanu, mzere umodzi, fumbi linkadumpha lokha, gu, gu, gu, ndipo pansi panayamba kukumbika timaenje tozungulira. A Yahaya anali pakhonde atavala mkanjo wawo wa kumzikiti, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja. Ankaoneka okalamba kuposa dzulo.

Tatu sanalowe. Bambo ake anali atamuuza kuti asapondenso, ndipo iye anali mwana wa bambo ake. Anaima kunja, zala zakumapazi zili pamalire a chipata.

"Baba."

A Yahaya anadzutsa mutu. Analankhula mokweza kuti mawu apose kugunda kuja. "Unaiwala chimodzi pachipilala chako. Sunalembe dzina la mwana."

"Sindikulidziwa, Baba. M'nyimbo mulibe."

"Mulibe chifukwa mayi ake sankatha kulitchula. Limenelo tinasunga ndife amuna. Bambo anga anandiuza atatsala pang'ono kutsirizika, monga anawauzira bambo awo. Amalonda a kutsidya anafuna anthu makumi anayi, panapezeka makumi atatu ndi asanu ndi anayi, ndipo chombo sichikanadikira mphepo ina. Kamwanako kanali ka zaka zisanu ndi chimodzi, kankasewera padoko. Dzina lake anali Tatu."

A Ummy anakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Utabadwa ndinakupatsa dzinalo mwadala," anapitiriza a Yahaya. "Ndinati ndikalera Tatu mmodzi bwino, osamusowetsa kanthu, mwina mlandu utha mwakachetechete, popanda kuulemba pakhoma. Koma mlandu suola. Taona zimene ndinachita dzulo."

Anaika nsapato ija pansi. Anatsika pakhonde, n'kuyenda kudutsa pakati pa bwalo, phazi limodzi lopanda nsapato, fumbi likudumpha kumanja ndi kumanzere kwawo. Atafika pachipata anaima, n'kulankhula momveka, monga munthu woitana mwana amene wachedwa kunyanja.

"Tatu, mwanangu, lowa. Kwanu ndi kuno."

Tatu anaponda m'bwalo. Kugunda kunaleka nthawi yomweyo, fumbi n'kutera pansi. Kunali zii, moti anamva mawu a shehe akuchokera kumzikiti kutali. Anagwira dzanja la bambo ake. Anayenda limodzi kulowera kukhonde, pang'onopang'ono.

Ali pakati pa bwalo Tatu anacheuka kuti aitane azakhali ake. A Ummy sankayang'ana iye, ankayang'ana pansi. Pafumbi panali mapazi a a Yahaya, ena a nsapato ena opanda, ndi mapazi a Tatu pambali pake. Pambali pa a Tatu panali timapazi tina tating'ono, tonyowa, tochokera kunjira ya kudoko.

A Yahaya nawonso anationa. Anakankha chitseko, Tatu analowa, ndipo iwo anaimabe pomwepo atachigwira, akudikira kuti winayo alowenso.